Mgaiwa, nyemba ndi madzi: kukonza m'mimba ukasiya nyama

Mu Blantyre muno anthu osadya nyama alipo ambiri. Ena ndi a mpingo, makamaka abale athu a Seventh Day amene amalimbikira zakumunda. Ena ndi ma Rasta. Ena anauzidwa kuchipatala kuti achepetse zonona chifukwa cha BP kapena shuga, ndipo ambiri anaisiya chifukwa mtengo wake kubutchala sukugwirika. Munthu angayembekezere kuti onsewa m'mimba mwawo mukuyenda bwino, koma madandaulo awiri samatha: wina akukhala masiku anayi osapita kuchimbudzi, wina nyemba zikumutupitsa mimba mpaka kumasula lamba.

Tayang'anani mbale ya munthu wa mtauni amene wasiya nyama. M'mawa tiyi ndi buledi woyera kapena mandasi. Masana tchipisi cha pachiwaya, kakabichi kongowaza pamwamba. Madzulo nsima yoyera ndi msuzi wa tomato. Nyama mulibedi, koma mulibenso chimene matumbo akufuna.

Chakudya chikachoka m'chifu chimadutsa m'matumbo aang'ono, otalika pafupifupi mamita 6, mmene thupi limayamwa zofunika. Zotsala zimalowa m'thumbo lalikulu, la mita imodzi ndi theka, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyamwa madzi. Zotsalazo zikachedwa mmenemo zimauma. Chimene chimaziteteza ndi faiba: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, timitsempha ta masamba, khungu la chipatso. Faiba sagayika m'matumbo aang'ono. Amafika m'thumbo lalikulu akadali momwemo, nasunga madzi, nachulukitsa chimbudzi kuti thumbo lipeze chokankha, ndiponso amadyetsa tizilombo tabwino tokhala mmenemo. Nyama, nsomba, mazira ndi mkaka zilibe faiba ngakhale pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2023, limati munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 a faiba patsiku, komanso masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400.

Dokotala wina wa opaleshoni, Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti anthu akumudzi kuno ku Africa ankachita chimbudzi chochuluka kangapo ndi chofewa kuposa anthu a ku Britain, ndipo chakudya chinkadutsa msanga m'matumbo mwawo. Chinsinsi chake chinali chakudya chosachotsa gaga. Ndi chakudya chomwecho chimene ife tikabwera mtauni timachichitira manyazi.

Yambani ndi kudziwa mmene mulili

Musanasinthe kalikonse, dziyang'anireni kwa sabata imodzi. Sikuti aliyense ayenera kupita tsiku ndi tsiku. Madokotala amati kuyambira katatu patsiku mpaka katatu pasabata zili bwinobwino, bola chimbudzicho chikhale chofewa ndipo chituluke popanda kulimbana nacho. Chikamatuluka timibulu touma ngati ta mbuzi, kapena mukamatuluka m'chimbudzi mukumva kuti simunamalize, ndiye kuti mwadzimbidwa, ngakhale mutamapita tsiku lililonse. Chabwino ndi chotalika, chosalala kapena chokhala ndi timing'alu pang'ono, chogwirana. Musachite manyazi kucheuka n'kuchiona. Mukadziwa poyambira mudzazindikira ngati zimene mukusinthazo zikuthandiza.

Kenako pitani kuchigayo

Palibe chimene Mmalawi amadya chochuluka kuposa nsima, choncho kusintha ufa kumaposa kusintha china chilichonse. Ufa woyera timaupeza titakonola chimanga, kupeta madeya, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenako kugayitsa. Pofika pamapeto gaga wapita ku nkhumba ndi nkhuku, ndipo kamtima ka njere kokhala ndi mafuta katayika. Mgaiwa ndi njere yonse. Pa magalamu 100 a mgaiwa muli faiba pafupifupi magalamu 7, ndiye munthu wodya mitanda iwiri masana ndi iwiri madzulo wapeza kale gawo lalikulu la zimene akufunika.

Musasinthe tsiku limodzi. Banja lizolowera nsima yoyera likaona mgaiwa wokhawokha lidzaukana, ndipo mimba nazo zidzadandaula. Sabata yoyamba sakanizani chipande chimodzi cha mgaiwa ndi zitatu za ufa woyera. Sabata yachiwiri kapena yachitatu fikani pa theka ndi theka. Ambiri amaima pamenepo, ndipo si zolakwika. Pophika, lolani phala liwire nthawi yaitaliko musanayambe kuthira ufa wothyakulira, chifukwa mgaiwa umachedwa kupsa, ndipo wosapsa ndi umene umachititsa anthu kunena kuti mgaiwa umapweteka m'mimba.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Chifukwa mukudya khungu lomwe, chimanga chokagayitsa chikhale chosankha bwino. Khalani pansi ndi lichero, muchotse njere zonse zowola, zakuda ndi zachuku, pakuti poizoni wa chuku amakhala kwambiri kunja kwa njere ndipo satha ndi kuphika. Ngati munathira mankhwala a anankafumbwe, petani, tsukani ndi kuyanika chiume gwa. Chachiwiri, mgaiwa sukhalitsa chifukwa cha mafuta aja. Gayitsani wokwana masabata awiri kapena atatu, osati thumba lonse.

M'mawa, m'malo mwa buledi, dyani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi khungu lake mutaitsuka bwino, kapena futali.

Nyemba: apa ndiye pagona nkhani

Amene wasiya nyama sangathawe nyemba, chifukwa ndi zimene zimamanga thupi m'malo mwa nyamayo, ndipo zili ndi faiba wochuluka kwambiri. Kapu imodzi ya nyemba zophika kapena nandolo imapereka magalamu oposa 10. Ife a kum'mwera kuno tili ndi mwayi: nandolo wa ku Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo amadzaza mumsika wa Limbe, pambali pa khobwe, nzama, mphodza ndi nyemba zamitundumitundu.

Mpweya umene anthu amadandaula uli ndi chifukwa chake. M'nyemba muli mtundu wina wa shuga umene matumbo aang'ono satha kugaya. Umakafika m'thumbo lalikulu, tizilombo tija n'kuudya, ndipo pakudyapo timatulutsa mpweya. Si matenda. Koma pali njira yochepetsera.

Madzulo, sankhani nyemba, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri oti zimire bwinobwino. Zigone m'madzimo maola 8 mpaka 12. M'mawa mudzazipeza zatupa, makoko atambasuka, madzi asintha mtundu. Madzi amenewo tayani, chifukwa ena mwa shuga uja wasungunukira mmenemo. Tsukuluzani, thirani madzi atsopano, terekani pamoto waukulu kuti ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Izi n'zofunika makamaka pa nyemba zofiira, zimene zikakhala zosapsa zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Kenako moto ukhoza kuchepa, zipse pang'onopang'ono. Tengani imodzi muifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: ikaphwanyika yonse popanda kouma pakati, zapsa. Tomato muthire pamapeto, pakuti akalowa msanga nyemba zimachedwa kufewa. Ndipo mudzaona kuti nyemba zoviika zimadya makala ochepa, chinthu chimene aliyense wogula makala a m'jumbo angachiyamikire.

Soda musathire. Amafewetsa msanga, koma amawononga mavitamini ena.

Ngati simunazolowere, yambani ndi theka la kapu patsiku, osati mbale yodzaza. Mphodza ndi nandolo wamuwisi, amene amapezeka nyengo yozizira, zimakhala zofatsa m'mimba kuposa nyemba zouma. Chipere nachonso n'chabwino poyambira: mukaviika nyemba, tikitani ndi manja makoko achoke, muphike mpaka zisanduke phala. Faiba amachepako, koma mimba imayamba kuzolowera. Chachikulu ndi kudya pang'ono tsiku lililonse, osati kudya zambiri kamodzi pasabata. Tizilombo ta m'matumbo timasintha malinga ndi chimene mukutipatsa, ndipo kwa anthu ambiri mpweya umachepa pakatha masabata awiri, atatu kapena anayi. Ambiri amasiya pa tsiku lachitatu, pamene zinthu zisanayambe n'komwe kusintha. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akutaya chakudya chabwino chotere chifukwa cha sabata imodzi yovuta.

Soya pieces nazo zimatha kutupitsa mimba. Ziviikeni m'madzi otentha, muzifinye, madziwo mutaye, ndipo kapaketi ka zokometsera kamene kamabwera mkatimo musathire konse chifukwa mchere umachuluka. Nyemba zogona muzitenthetse mpaka ziwire. Zikayamba kuchita thovu kapena kumveka fungo losasa, musaumire nazo.

Masamba ndi zipatso

Masamba asakhale kokongoletsa m'mbali mwa mbale. Akhale ndiwo yeniyeni, masana ndi madzulo. Repu, mpiru ndi tchainizi za ku Bvumbwe zimapezeka chaka chonse, koma musaiwale za makolo: nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, chitambe, kholowa. Dzinja zina mwa izi zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Chilimwe kuli mfutso. Therere lobala ndi lothandiza kwambiri kwa wodzimbidwa, chifukwa kutelera kwake kuja ndi faiba wosunga madzi, ndipo limapsa bwinobwino popanda soda mukalidula mopyapyala. Chigwada chokha ndi chimene chimafuna kusinja ndi kuphika mokwanira, chifukwa chosapsa chili ndi poizoni. Masamba enawo musawaphike mpaka kuda. Achoke pamoto akadali obiriwira. Ndipo atsukeni ndi madzi abwino musanadule, chifukwa madimba ena a mtauni amathiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yodutsa m'makwalala.

Zipatso tsatani nyengo, ndi mmene zimatsikira mtengo. Mango ndi masuku kumayambiriro kwa mvula, mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto, manachesi a ku Mwanza ndi masau nyengo yozizira, zinanazi za ku Mulanje, nthochi ndi papaya pafupifupi nthawi zonse. Idyani chipatso chenicheni, osati kuchifinya n'kutaya zotsala, chifukwa faiba ali m'zotsalazo. Kwa wodzimbidwa, papaya lakupsa m'mawa ndi chiyambi chabwino. Madzi a bwemba amafewetsanso m'mimba. Malambe ali ndi faiba wochuluka kwambiri. Viikani nokha pakhomo, muthire m'phala. Magwafa akhale akupsa, limodzi kapena awiri. Ana akadya magwafa osapsa ambiri ndi njere zake amavutika kuchimbudzi, ndipo makolo ambiri izi anazionapo.

Madzi asatsalire

Faiba wopanda madzi amaumitsa chimbudzi m'malo mochifewetsa. Mukayamba mgaiwa ndi nyemba, madzi nawo achuluke. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi malita awiri patsiku, ndipo ochulukirapo mu October ndi November, kapena ngati ntchito yake ndi yokhetsa thukuta. Nthawi yoopsa ndi ya chiperoni, mu June ndi July, pamene ludzu silimveka ndipo munthu amatha tsiku ndi makapu awiri a tiyi. Chizindikiro chake ndi mkodzo: ukhale woyerera, osati wachikasu kwambiri. Nyamulani botolo popita kuntchito. Thobwa ndi labwino, bola shuga achepe.

Madziwo akhale otetezeka. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa yonse imene dziko lino linaonapo, sunasiye Blantyre. Madzi a pachitsime kapena osunga m'ndowa nthawi imene mipopi yauma muziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo muzivundikira.

Nthawi yake ndi kakhalidwe kake

Ili ndi gawo limene anthu salikamba, koma limathetsa mavuto ambiri. Chakudya chikalowa m'chifu, thumbo lalikulu limayamba kukankha, ndipo mphamvu imeneyi imakhala yaikulu m'mawa. Ndiye dzukani mphindi 30 msanga. Imwani madzi ofunda kapena tiyi, idyani phala lija, ndipo pakatha mphindi 15 mpaka 30 pitani kuchimbudzi, ngakhale simunamve kwenikweni. Khalani mphindi zisanu. Zikakanika, tulukani, mudzayesenso mawa nthawi yomweyo. Thupi limaphunzira.

Taganizani za mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande. Wadzuka kusanache kukapikula, wakwera minibasi, wayala malonda. Chimbudzi chikamupeza cha m'ma 9 koloko, palibe womusiyira benchi, ndipo chimbudzi cha mumsika n'cholipira. Amapirira. Pakatha kanthawi kumva kuja kumazilala, koma chimbudzicho chikadali mkati, thumbo likupitiriza kuchiyamwa madzi mpaka madzulo. Akachita zimenezi miyezi ingapo, thumbo limazolowera kukhala lodzaza ndipo limasiya kumuuza. Zomwezi zimachitikira alonda, makondakitala, aphunzitsi, ndi ana asukulu amene amaopa zimbudzi za kusukulu. Mankhwala ake ndi kumaliza zonse kunyumba m'mawa, ndipo chikakupezani masana, pemphani mnzanu akuonereni malonda. Ndalama yolipira pachimbudzi ndi yochepa poyerekeza ndi ya mankhwala a matenda a mudzi, kutupa kwa mitsempha ya kotulukira chimbudzi.

Amene muli ndi chimbudzi chokumba, dziwani kuti kunjuta ndi kakhalidwe kabwino koposa. Pali mnofu umene umakoka kumapeto kwa thumbo n'kulipinda kuti chimbudzi chisatuluke nthawi yosayenera. Munthu akanjuta, mnofuwo umamasuka ndipo njira imawongoka. Amene muli ndi chimbudzi chamadzi chokhalira, ikani kampando kakafupi kapena njerwa pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Weramirani kutsogolo, zigongono pamawondo, mimba muimasule, muzipuma bwinobwino. Musatseke mpweya n'kumakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Kukankha koteroko, pamodzi ndi kukhalitsa pachimbudzi, n'kumene kumatupitsa mitsempha ya kotulukira n'kuyambitsa mudzi kapena ting'alu topweteka. Foni isiyeni panja. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo.

Yendaniko

Matumbo amagwira ntchito bwino mwa munthu woyendayenda. Mphindi 30 patsiku zikwana. Tsikani siteji imodzi musanafike, kapena lekani kukwera kabaza pa mtunda woti mukhoza kuyenda. Zitunda za mzinda uno zidzachita zotsalazo.

Zikapanda kusintha

Perekani mwezi wathunthu. Ngati palibe kusintha, yang'anani mankhwala amene mukumwa. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amadzimbitsa ndipo amadetsa chimbudzi. Ochepetsa ululu monga codeine ndi tramadol amaumitsanso m'mimba, pamene metformin wa shuga amatha kutsegula. Musasiye nokha. Kafotokozereni adokotala kapena anamwino, akuuzeni chochita.

Mankhwala a m'mabotolo ogulitsa m'misewu ndi m'mabasi, amene amati amatsuka m'mimba, apeweni. Simudziwa zimene zili mkatimo, ndipo otsegula mwamphamvu amachotsa madzi ndi mchere m'thupi. Matumbo safuna kutsukidwa. Kupopera madzi a sopo kumunsi, makamaka kwa ana, kumawotcha thumbo. Ngati pakufunikadi mankhwala ofewetsa, alipo kuchipatala ndi kufamase, ndipo akuuzani mlingo wake.

Mukatsegula m'mimba, choyamba ndi Thanzi ORS, kumwa pafupipafupi, ndi kupitiriza kudya zofewa monga phala ndi nthochi. Nyemba ndi masamba ambiri ziyambe zadikira masiku awiri kapena atatu. Mwana amafunikanso zinc wa kuchipatala. Chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha choyerera, chobwera mosalekeza, thamangani kuchipatala mukumwa ORS m'njira.

Mawu apadera kwa amene mwasiya zonse, mkaka, mazira ndi usipa womwe: vitamini B12 sapezeka m'zomera, ndipo akasowa nthawi yaitali magazi amachepa, manja ndi mapazi amachita dzanzi. Muyenera kumwa mapiritsi ake. Kuti thupi litenge bwino ayironi wa m'nyemba ndi masamba, dyani chipatso monga lalanje kapena gwafa pa chakudya chomwecho, ndipo tiyi mumwe patapita ola limodzi.

Pali zizindikiro zimene mgaiwa sungathetse. Magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii pamene simukumwa mapiritsi a magazi, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kutsegula kopitirira masabata awiri, kapena kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kumene kwatenga masabata angapo, makamaka ngati mwapitirira zaka 45: zonsezi pitani nazo kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, ndipo akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Gulupu (Queen Elizabeth). Musangoganiza kuti magazi aliwonse ndi mudzi. Akhoza kukhala kamwazi, likodzo la m'matumbo, ngakhale khansa, imene ikapezeka msanga imachizika.

Ndipo pali vuto limodzi losadikira kuti kuche. Mimba ikatupa kwambiri n'kulimba, ikupweteka, munthu akusanza, chimbudzi ngakhale mpweya osatuluka, mwina thumbo lapotana kapena latsekeka. Madokotala a opaleshoni m'Malawi muno amakumana nalo kawirikawiri vutoli, makamaka mwa abambo. Munthu wotere musamupatse chakudya, mankhwala otsegula m'mimba kapena azitsamba. Pezani galimoto nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mupite naye ku Gulupu.